Ndakatulo Yokulungira Matemba

Bambo Silvestre anali ndi chizolowezi chimodzi chimene banja lonse linkawaseka nacho: pepala lililonse lolowa pakhomo pawo ankaliwerenga. Kaya lakulungira mchere, kaya sopo, kaya matemba, iwo ankaliwongola pabondo, kuvala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuyamba kugwedeza milomo. Kuwerenga anakuphunzira ali mnyamata ku msasa wa othawa nkhondo, tsidya la Malawi, ndiye Chipwitikizi chinkawazunguza mutu koma Chinyanja ankachimwa ngati thobwa. Ku Milange kuno zowerenga za Chinyanja n'zosowa, moti mkuluyu nkhani zambiri za padziko ankazidziwira kwa ogulitsa matemba, zonunkha nsomba komanso zopanda mathero.

Madzulo a tsikulo mwana wawo Isaura anali pakhonde akusankha mpunga, akuimba chamumtima. Loweruka ankhoswe a Gelson ankayembekezeka kufika. Chikole chake, nsalu ya kapulana yobiriwira ndi ndolo zasiliva, chinali pansi pa sutikesi, ndipo ankachisuzumira kangapo patsiku ngati chithawa.

Kuti zifike pamenepa sizinali zamasewera. Makolo a Gelson nthawi ya nkhondo sanawoloke malire. Anabisala m'mapiri n'kupirira. A Silvestre ndi anzawo atabwerera kwawo nkhondo itatha, anapeza minda ina ili ndi eni atsopano, ndipo wofunsa za munda wake ankayankhidwa ndi liwu limodzi: othawa. Zaka zapita, ana abadwa, koma m'nyumba muno liwulo silinkatchulidwa. Kuwonjezera apo mnyamatayo anali wolemba ndakatulo. Iye ndi anzake ankatulutsa kamagazini kotchedwa Tsidya, kamapepala a fotokope omanga ndi timawaya, momwe ndakatulo zinkayenda cham'mbali ngati nkhanu, Chinyanja, Chilomwe ndi Chipwitikizi mumzere umodzi. Mpumiro Gelson ankadana nawo. Ngakhale uthenga wa pafoni ankangousiya lende, ati moyo supumira.

"Munthu wosatha kumaliza chiganizo adzamaliza denga la nyumba?" ankatero a Silvestre. Koma mapeto ake anavomera, chifukwa mwana wawo anali atayamba kuonda.

Mayi Rosalina, amake Isaura, anafika kuchokera kumsika n'kukhuthulira matemba m'mbale. Pepala, monga mwa masiku onse, linapita kwa mwini wake. Isaura anamva kukhwekhwereza kwa pepala likuwongoledwa, kenako zii. Bambo ake akamawerenga ankakonda kung'ung'udza, koma tsikuli sanatulutse ndi mpweya womwe.

"Isaura, tabwera kuno. Werenga mokweza, mayi wako amve nawo."

Pepalalo linali lalitali, lopyapyala, lothimbirira ndi mafuta a nsomba. Zilembo zake Isaura anazizindikira asanawerenge n'komwe: zinali za Tsidya.

Kwa Isaura

mwana wa othawa
sindikufuna
bwerera kwanu
dzina lako ndaiwala
usandidikire

Gelson

Mzere woyamba anauwerenga ndi mawu ake onse, wachiwiri ndi theka, wotsalawo milomo yokha ndi imene inkayenda.

"Papa, izi si zoona."

"Dzina lili pansipo ndi la yani?"

"Ndi lake, koma..."

"Nanga pamwambapo?"

"Langa."

"Ndiye chabodza ndi chiti?" A Silvestre anavula magalasi n'kutembenukira kwa akazi awo. "Kawauzeni alongo anu a Tito abwere mawa. Nkhoswe ndi iwo, ntchito yawapeza."

* * *

Gelson anali ku Molumbo, kumene anapita kukatenga atsibweni ake oti adzamuimire pa chinkhoswe. Kumeneko foni imagwira ukakwera pachulu, tsiku limene iyo yafuna. Isaura anaimba mpaka khutu linatentha. Analemba kuti, "Gelson, ndiyankhe." Analembanso kuti, "Ngati ndakulakwira undiuze wekha, osati kudzera mwa matemba." Wachitatu anangolemba dzina lake lokha. Onse anapita ngati miyala yoponya m'dziwe.

Chimene chinkamulasa kwambiri chinali chimene mnyamatayo ananena potsanzikana. Anali atakwera kale njinga, phazi limodzi lili pansi, akumwetulira monga amachitira akabisa kanthu. "Mu Tsidya yatsopano muli chako," anatero, "koma udzachiona Loweruka, pamaso pa anthu." Isaura anagona masiku onsewo akulota za chakecho. Tsono chake chija chinali ichi?

M'mawa atapita ku mjigo anapeza kuti si khomo lawo lokha limene linadya matemba dzulo. Amayi anasiya nkhani atamuona. Mtsikana wina, akupukusa chitsulo cha mjigo, anayamba kuimba motsitsa, "usandidikire, usandidikire," anzake n'kumabisa nkhope m'makapulana. Isaura anasenza ndowa yosadzaza, madzi n'kumamutayikira kumsana njira yonse.

"Chakudza sichiimba ng'oma, mwananga," anatero amake akumutula. "Bola wadziwa usadalowe m'nyumba."

"Mama, munthu uja adayenda wapansi kuchokera ku Mongue mvula ikugwa kudzandipatsa mankhwala a malungo. Munthu yemweyo angalembe izi?"

"Amuna amayenda mitunda, mwananga. Chimene chimawavuta n'kukhala."

 Isaura anasintha bulauzi, n'kupinda pepala lonunkha lija, n'kutuluka.

* * *

Pamsewu wopita ku malire pali kasitolo ka zolembera ndi fotokope. Mmenemo munkagwira ntchito Suzete, amene ankataipa ndakatulo zonse za Tsidya. Anaphunzira ku Quelimane, zikhadabo zake zinali zofiira nthawi zonse, ndipo tawuni yonse inkadziwa kuti pamene Gelson ankayang'ana mapepala, Suzete ankayang'ana Gelson. Wosadziwa anali Gelson yekha. Olemba ndakatulo amaona nyerere ikusenza tsamba, koma mkazi atakhala pambali pawo chaka chathunthu samuona.

"Epa, mana Isaura! Wasochera?" anatero Suzete, akumutcha mchemwali m'Chipwitikizi.

"Ndikufuna Tsidya yatsopano. Yathunthu."

"Revisita idatha, mana."

"Idatha bwanji isanatuluke?"

Suzete anakweza mapewa n'kupitiriza kuwongola mapepala amene anali owongoka kale.

"Udataipa ndiwe," anatero Isaura, akuyala pepala lija patebulo. "Ndiuze zoona, ngati mkazi mnzanga. Adalemba choncho?"

"Liwu lililonse limene wawerengapo ndi lake. Ine sindiwonjezera, sindichotsa." Anatsinzina pang'ono ngati womva chisoni. "Ndidamuuza kuti Gelson, izi zipweteka munthu. Iye adati alipo amene adzamvetse."

Isaura anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Komatu usadandaule kwambiri, mana. Munthu uja akafuna kulemba zokoma amatha." Suzete anavula chikuto cha foni yake, n'kutulutsamo kapepala kopindidwa bwinobwino, koyera, kopanda fungo la nsomba. Sanamupatse m'manja; anangokagwira m'mwamba kuti awerenge.

ndiwe pothawira panga
pang'ono ndikufuna yense
ndikutsate ndikhale mkamwini
kulitchula monong'ona
pa malire ndawoloka kale

Mizere ina sinkamveka bwino, koma ndakatulo za Gelson n'zotero kale. Chimene chinamveka chinakwana. Mkamwini! Liwu limene Isaura ankamuseka nalo Gelson akakhala awiri, ankati adzasesa pabwalo pa bambo ake mpaka tsache lidzathe.

"Ilibe dzina," anatero Isaura.

"Zenizeni salemba dzina, mana. Dzina amalemba pa kalata yochotsera munthu ntchito."

Isaura anatola pepala lake lamafuta n'kutuluka. Sanalire mpaka atadutsa pamene amaima a njinga zamoto, chifukwa sanafune kuti Suzete aone.

* * *

Kunyumba sanafune kubwerera msanga. Anaganiza zochita chinthu chimodzi chimene chinali m'manja mwake: kukapempha wogulitsa matemba uja kuti asiye kumugawa m'makomo mwa anthu. Chikondi chatha, chabwino, koma dzina lake lisamathere padzala la aliyense.

Ogulitsawo, mayi Filipa, anali pamalo pawo pa nthawi zonse, pakati pa ogulitsa mchere ndi osintha ndalama, atakhala pa kampando ndi mtolo wa mapepala pamiyendo. Isaura anagwada pambali pawo.

"Tiya, ndabwera ndi pempho. Mapepala amene mukukulungirawa..."

"Awa? Abwinotu awa, mwanawe. Suzete wa pa fotokope uja adandibweretsera mtolo wonse, ati revisita zosagulidwa. Adandithothoreranso yekha tsamba ili, ati liyambe ndi ilo. Taona, lili ndi njira yake pakati, silivuta kung'amba."

Anatenga tsamba limodzi, lalikulu, lathunthu. Mawu anali mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja, ndipo pakati panatsika mpata woyera wokhotakhota ngati mtsinje. Mayiwo anapinda pampatapo, kudinikiza ndi chikhadabo, n'kung'amba pwee! Theka lakumanzere analiika pa matemba, lakumanja m'thumba la pulasitiki.

"Izi za kumanjazi adati ndizimusungira, ati n'zoyatsira mbaula. Ine zowerenga ndilibe nazo ntchito, ndimangoona kuti pepala likulunga."

"Tiya, imani! Musang'ambe lina."

Isaura anatenga tsamba lathunthu ndi manja awiri. Pamwamba, pamene nthawi zonse pankang'ambikira pakati, panali kamutu kakang'ono: Mtsinje. Anawerenga mowoloka, kuchokera tsidya lino kupita tsidya lina.

mwana wa othawa          ndiwe pothawira panga
sindikufuna          pang'ono ndikufuna yense
bwerera kwanu          ndikutsate ndikhale mkamwini
dzina lako ndaiwala          kulitchula monong'ona
usandidikire          pa malire ndawoloka kale

Anawerenga kachiwiri, chala chikudumpha mpata uja mzere ndi mzere. Kenako anakhala pansi, pafumbi, pakati pa msika, n'kuyamba kulira mokweza monga sanalirire dzulo. Ankalira chimwemwe, ankalira manyazi kuti anamukayikira, ankaliranso mkwiyo. Chitsiru cha munthu! Anzake akafuna mkazi amangoti ndimakukonda, iye mpaka kukumba mtsinje pakati pa pepala.

"Kodi ndalakwa, mwanawe?" anafunsa mayi Filipa, atagwira pakamwa.

"Simudalakwe, tiya. Mundipatse ili lokha."

Anathamanga, pepala lili pachifuwa, osasamala za onyamula katundu amene ankamukuwiza kuti apatuke.

* * *

Njinga ya atsibweni ake a Tito inali itatsamira kale pa mtengo wa mango, ndipo eni ake anali pakhonde akumwa madzi ngati munthu wochokera kokalima. Mayi Rosalina anali chilili pakhomo la khitchini, maso ali pansi. Isaura anadziwa asanauzidwe. Sutikesi yake inali panja, yotsegula.

"Ndabweza," anatero a Tito. "Kapulana, ndolo, zonse. Ndawapatsa amake Gelson m'manja. Ndawauzanso kuti othawa ali ndi miyendo, koma mwana wawo sadzaponda pakhomo pano. Iwonso ayankha zawo. Zatha, mphwanga."

"Atsibweni, mwafulumira! Papa, taonani. Lija lidali theka. Adachita kung'amba dala. Werengani mowoloka, chonchi."

Anagwada n'kuyala tsambalo pabondo la bambo ake. A Silvestre anavala magalasi. Anawerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedezeka, ndipo Isaura ankayang'ana nkhope yawo ngati mlimi woyang'ana mitambo. Atafika pa mzere wa mkamwini, kukamwa kwawo kunafewa pang'ono. Mtima wa Isaura unadumpha.

Koma chala chawo chinabwerera pamwamba, n'kuima pa mzere woyamba.

"Ndaona. Mnyamatayu amakukonda, sindikukana. Koma liwu ili lili pomwepo."

"Walitembenuza, papa. Akuti ine ndine pothawira pake."

"Mpeni ukautembenuza umasiya kukhala mpeni?"

"Papa..."

"Ndidali ndi mlongo wanga, Alzira. Sumudziwa, sindimutchula. Pothawa ndidamubereka ine kumbuyo, tidawoloka madzi ali m'khosi. Adamwalira kumsasa asadayambe n'komwe sukulu. Ali tsidya lija, pansi pa bulugamu amene lero sindingamuloze. Titabwerera, amayi adapita kukaona munda wawo, adapeza anthu ataima pamzere ndi makasu. Anthuwo adati othawa alibe munda. Amayi adabwerako osayankhula, ndipo sadayankhulenso bwino mpaka imfa yawo." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya, ngakhale chonyowa sichinali magalasi. "Kwa mnyamata wakoyu, limeneli ndi liwu lokometsera nyimbo. Adalitola pakhomo pa makolo ake, sadadziwe kulemera kwake. Ndiye amati adzaliwerenge Loweruka, pabwalo langa, ine nditakhala pompo?"

Isaura anayang'ana bambo ake. Kwa nthawi yoyamba anamva kuti Suzete anang'amba pepala lokha. Chilonda anachipeza chilipo kale. Anamukwiyira Gelson, ndipo ankamukondabe, zonse ziwiri nthawi imodzi.

"Akabwera adzapepesa, papa. Ndimudziwa. Adzagwada pompano."

"Nanga tawuni yonse imene yadya theka? Uyenda khomo ndi khomo ndi theka linalo?" anafunsa a Tito. "Ndipo zimene tanenana ndi amake lero sizilumikizika ngati pepala."

"Mawa upita ku Mocuba kwa azakhali ako," anatero a Silvestre motsitsa. "Ukakhale kumeneko mpaka anthu apeze china choimba pa mjigo. Sindikukulanga, mwananga. Sindingathe kukuona ukusekedwa ndi liwu limene adasekedwa nalo amayi."

Anapinda tsamba lija mosamala, osati pa mtsinje, n'kumubwezera. Linali pepala loyamba m'nyumba muno limene mkuluyo sanafune kusunga.

* * *

M'mawa shapa, minibasi ya ku Mocuba, inali ikudzaza. A Silvestre anakweza okha sutikesi padenga, n'kuima patali pang'ono, manja ali kumbuyo. Isaura anakhala pawindo, foni ili m'dzanja. Usiku anali atalembera Gelson zonse: za Suzete, za mayi Filipa, za mtsinje, za Alzira. Uthengawo unali ukadali ndi kachizindikiro kosonyeza kuti sunafike.

Njinga yamoto inadutsa pafupi ndi shapa, n'kukhotera msewu wafumbi wa ku Molumbo. Kumbuyo kwake kunakhala mkazi, chikwama pamiyendo, zikhadabo zofiira zitagwira phewa la woyendetsa. M'chiuno anali atamanga kapulana yobiriwira. Isaura anaidziwa ndi kaulusi komwe. M'mphepete mwake anapinda yekha ndi singano. Amake Gelson sanachedwe kupeza woti amuveke, ndipo Suzete ndiye ankapita kukayamba kumufika Gelsonyo ndi nkhani.

"Papa!" anaitana, koma kondakitala anali atamenya kale chitseko.

Shapa itangoyamba kuyenda, foni inanjenjemera. Gelson. Kwinakwake ku Molumbo munthu anali atakwera pachulu.

ndamva zonse Isaura sindibweranso

Basi. Popanda mpumiro, monga mwa nthawi zonse.

Dzana akanangolira n'kuvomereza. Koma tsopano ankadziwa kuti mawu a munthu ameneyu amakhala ndi tsidya. Sindibweranso ndekha? Sindibweranso mochedwa? Sindibweranso ndi ndakatulo, ndibwera ndi atsibweni? Kapena foni inathawa pachulu asanamalize. Kapenanso, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, Gelson anali atamaliza chiganizo. Ndipo zonse zimene wamvazo, wamva kwa yani, theka liti?

Anaimba. Mawu a mkazi wa m'foni anamuuza m'Chipwitikizi kuti nambalayo sikupezeka. Anaimbanso, yankho lomwelo.

Phiri la Tumbine linayamba kutsalira kumbuyo. Mayi amene anakhala naye pafupi anamasula kaphukusi ka matemba okazinga n'kumulozera kuti atengeko, koma Isaura anapukusa mutu osayang'ana pepala lake. Maso ake anali pa foni, kumanja kwa liwu lomaliza lija, pamene panali poyera, akudikira kuti mwina pawoloka kanthu.